Ketulo ya Zelifa Inayeza Phiri

Ku Nkhulambe kuli amayi ambiri odziwa kuphika, koma m'zaka zija zipani zitangochuluka kumene, nkhani ya kalongonda ikabuka dzina loyamba kutuluka linali la Zelifa Makina. Anali mayi wamfupi, wamikono yolimba, wolankhula ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa mtsinje ngakhale muli naye pamphasa imodzi. Sukulu analekeza Sitandade 3, ndipo sankabisa. Ankati satifiketi yake ili mumphika, wofuna kuiona abwere ndi mbale.

Inu amene simunakulire kuno mwina mukuti kalongonda ndi nyemba ngati zina zonse. Pepani. Nyemba zimenezi sizifuna munthu wopupuluma. Ukaziphula msanga zimakuzunguza mutu, zimakusanzitsa, ena mpaka amayamba kukambirana ndi mitengo. Umatereka m'mawa, n'kukhetsa madzi akuda aja, n'kusenda makoko, n'kutsuka, n'kuterekanso, n'kukhetsanso, tsiku lonse uli pomwepo ngati ukudwazika matenda. Zelifa anaphunzira kwa mayi ake, amene anabwera ali mtsikana kuchokera kutsidya kwa malire, ndipo lamulo lawo linali limodzi: tereka dzuwa likutuluka, phula mthunzi wako ukatalika kukuposa kawiri. Zaka makumi awiri anatsata lamulolo, ndipo palibe ngakhale mwana amene anamvapo mutu chifukwa cha mphika wake. Pamsika beseni lake linkatha anzake asanamalize kuyala. Pamaliro ndi paukwati, amayi akamagawana ntchito, za mphika waukulu sankachita kukambirana kuti agwira ndani.

Mwamuna wake, Goodman, anali mkamwini wofatsa, wa mawu owerengeka, ndipo anthu ankaseka kuti pakhomopo mawu onse anatenga ndi mkazi. Anali ndi mwana mmodzi, Aliness. Chilala cha 1992 chitawotcha chimanga chonse, Goodman analowa gulu la ocheka matabwa a mkungudza pamwamba pa phiri la Mulanje, ndipo sanasiyenso. Ankakhala kumsasa milungu iwiri kapena itatu, n'kutsika akununkhira utuchi. Nthawi zonse ankabwera ndi dandaulo limodzi.

"Kumtunda kuja nyemba sizipsa, mayi a Aliness. Timaphika tsiku lonse koma zimangokhala gwa. Anzanga akuti eni phiri safuna nyemba."

"Eni phiri ati? Musanamizire mizimu, bambo a Aliness. Amuna simudziwa kuphika, basi!"

Ankayankha choncho chaka ndi chaka, akuseka mpaka misozi. Kunena zoona, Zelifa anali ndi kamatama, ndipo amene ankamukonda ankadziwanso zimenezo.

Mu 1997 kapitawo wa gululo anali Howard, Mngoni wa ku Ntcheu, bambo wamtali wokonda nthabwala. Iyeyu anali asanalaweko kalongonda chibadwire. Paja akuluakulu amasimba kuti kalekale Angoni atabwera ndi nkhondo, Alomwe anawasiyira miphika ya kalongonda wosapsa n'kuthawira kutchire, pobwerera anapeza ankhondo onse ali lambalamba. Howard ankaidziwa nkhaniyi, ndipo ankati iye ndiye adzachotse manyazi a mtundu wake. Atamaliza kucheka mtengo waukulu umene unawavutitsa mwezi wathunthu, anatumiza uthenga kuti mayi Makina akwere adzawaphikire iye ndi anyamata ake, onse pamodzi asanu ndi atatu, adye ngati mabwana.

Zelifa anakwera monyadira, dengu pamutu, nyimbo pakamwa. Anagona kumsasa, m'mawa dzuwa likutuluka mphika uli pamafuwa. Nkhuni zinali zotsalira za mkungudza, zoyaka ngati zathiridwa palafini, ndipo madzi anabwadamuka mwaukali moti anachita kuwonjezera kangapo. Mumtima anati, moto ngati uwu ndiye akuti nyemba sizipsa? Anakhetsa, anasenda, anatsuka, anakhetsanso. Mthunzi wake utatalika kumuposa kawiri anatola nyemba imodzi n'kuifinya. Inali yolimbirako pang'ono pakati. Anaima kaye. Koma madzi anali atawira tsiku lonse osalekeza, mthunzi unali utakwana, amuna anali atazungulira kale ndi mbale zawo, ndiye anati mwina mbewu ya chaka chino ndi youma mtima. Anathira mchere n'kuphula.

Anadya amuna aja! Howard yekha anabwereza katatu, akufuula kuti Angoni abwezera. Wophika amadya pomaliza, ndipo pofika nthawi yake mumphika munali mutayera, iye anangomwa tiyi.

Chakudza sichiimba ng'oma. Dzuwa lisanalowe, wocheka wina dzina lake Dickson anaimirira n'kuchitira sawatcha chitsa cha mtengo, akuchitchula bwana. Ena anali kuseri kwa miyala akusanza. Goodman anakhala pansi atagwira mutu, akunena kuti phiri likuzungulira. Howard ndiye anafika poipa, moti m'mawa mwake anachita kumutsitsa pamachira mpaka kuchipatala. Palibe amene anamwalira, onse anachira pasanathe masiku atatu. Koma machira aja anadutsa pakati pa mudzi masana, aliyense akuona, ndipo kumbuyo kwake kunkabwera Zelifa ali bwinobwino, akuyenda ndi miyendo yake.

Mukuganiza kuti anthu ananena chiyani? Amuna asanu ndi atatu adwala, wophika yekha osadwala, chifukwa sanadye. Ena anati anathiramo mankhwala ofuna kupusitsa mwamuna wake n'kuphonya muyezo. Ena anati ankafuna Howard afe kuti Goodman akhale kapitawo. Achifundo ndi amene ankati mwina walodzedwa manja. Pamsika beseni lake linayamba kubwerera lodzaza. Kenako panagwa maliro pamudzi woyandikana nawo, ndipo Felista, amene ankagawa ntchito kwa amayi, anamuyang'ana cham'mbali n'kunena mofatsa kuti, "Inu lero mutithandize kutunga madzi." Zelifa anasenza ndowa tsiku lonse akuona mphika wake ukutakasidwa ndi ena. Zinamuwawa kwambiri, ndipo analira panjira ya kuchitsime pomwe panalibe womuona. Goodman sanamunene, komanso sanamuikire kumbuyo. Anangokhala chete, ndipo Zelifa sankadziwa kuti mwamuna wake ali mbali iti.

Wina akanasiya. Iye anapitiriza kuphika. Anatenga mbewu yomweyo yotsala m'thumba, mphika womwewo, lamulo lomwelo, n'kuphika pakhomo pake. Kalongondayo anapsa bwinobwino, ofewa ngati mbatata. Anadya iye ndi Aliness, osamva kalikonse. Pamenepo ndi pamene mawu a Goodman aja anamubwerera, akuti kumtunda nyemba sizipsa, ndipo anachita manyazi kuti anamuseka zaka zisanu. Tsono vuto linali phiri. Koma phiri limalowa bwanji mumphika? Akanati anene kuti ndi mizimu, anthu akanamufunsa kuti mizimuyo anailakwira chiyani. Anakhala nalo funsolo miyezi khumi ndi umodzi, likumudya ngati nankafumbwe.

Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Chaka chotsatira kusekondale ya kufupi kunabwera mphunzitsi watsopano wa sayansi, Violet, mtsikana wa ku Nsanje, wowonda, wovala magalasi. Miseche inali isanamupeze. Tsiku la msika anaona beseni lodzaza popanda mzere, anagula, anadya pomwepo, n'kupempha ena. Zelifa sanali munthu wodyetsa mnzake mobisa.

"Aphunzitsi, musanabwereze, simunamve zimene amanena za ine?"

"Ayi, amayi. Amati chiyani?"

Anamufotokozera zonse, kuyambira moto wa mkungudza mpaka machira. Ankayembekezera kuti mtsikanayo alavula. Koma Violet anasiya kutafuna, maso ali tong'o, n'kumugwira dzanja.

"Mwati msasawo uli pamwamba penipeni? Ndipo madzi ankawira kwambiri koma nyemba osafewa?"

"Ankachita kudumpha mumphika."

"Amayi inu! Zimenezi ndaphunzitsa Lachiwiri lapitali! Zili m'buku! Kumwamba madzi amawira asanatenthe mokwanira. Ine ndimangoziwerenga, sindinazionepo ndi maso. Kwathu kulibe phiri loti n'kuyeserapo."

"Madzi owira ndi owira, aphunzitsi. Musandinyengerere ngati mwana."

"Sindikukunyengererani. Tiyeni tikwere tikaone. Ngati buku likunama, tikaligwire bodza limodzi."

Zelifa anauza aliyense pambuyo pake kuti tsiku limenelo anafika kunyumba osadziwa kuti wadutsa njira iti. Beseni analiiwala pamsika, anachita kukamutengera Aliness.

Pasukulupo panali themomita imodzi yokha, kagalasi kakatali koyezera kutentha, kokhala ndi kamzere kamene kamakwera ndi kutsika pa manambala. Violet atakapempha, ahedi anavomera monyinyirika, nati kakasweka asabwerenso. Zelifa anadula nsungwi, anakulunga kagalasiko m'kansalu, n'kukalowetsa m'mphako mwa nsungwiyo, ndipo anakabereka kumsana yekha. Loweruka lina la mwezi wa Seputembala, kutangocha, anasonkha moto pabwalo pake n'kutereka ketulo. Madzi atabwadamuka Violet anaviika kagalasi kaja, mitu iwiri inagundana pofuna kuona.

"Werengani nokha, amayi. Kamzere kaima pati?"

"Kapitirira 97, koma pa 98 sikanafike."

"Sungani nambala imeneyo. Kunyanja yamchere, kumene dziko latsikitsitsa, kamafika pa 100."

Ananyamuka. Zelifa anasenza dengu la kalongonda ndi mphika, ketulo ikulendewera m'chiuno. Violet ananyamula kope ndi chigubu chaching'ono cha pulasitiki chopanda kanthu, chimene anachitseka zolimba ali pabwalopo osanena chifukwa chake. Atakwera maola awiri anafika pamtsinje pamene onyamula matabwa amapumulira. Anatola tinkhuni, ketulo pamoto, kagalasi m'madzi.

"Pa 96!" anakuwa Zelifa. "Katsika! Aphunzitsi, katsika! Kapena moto wachepa?"

"Sonkhezerani muone."

Anasonkhezera mpaka malawi anakuta ketulo yonse, anauzira mpaka maso anafiira. Madzi anachita phokoso, nthunzi inachuluka, koma kamzere kanakana kusuntha. Zelifa anakhala pansi n'kuomba m'manja.

"Muluku wanga! Ndiye moto ungakule bwanji, palibe chimene ukuwonjezera?"

"Palibe. Ungomaliza madzi msanga."

Kuchokera pamenepo ulendo unasanduka mpikisano. Zelifa ndiye ankathamangira kutsogolo, akufuna kutereka ketulo pamwala uliwonse. Violet ankatsalira m'mbuyo akupuma wefuwefu, ataika manja m'mawondo, koma akuseka. Makutu ake anatseka, anachita kumeza malovu kuti atseguke. Kamphepo kanayamba kuluma ngakhale dzuwa linali pamutu, moti anavala juzi imene m'mawa ankati wainyamula pachabe. Atapuma kachitatu kagalasi kanaonetsa 95, ndipo apa Zelifa anafunsa funso limene linamusowetsa mtendere chaka chonse.

"Tsono chimalowa mumphikamo n'chiyani?"

"Palibe chimalowa, amayi. Pali chimene chimachoka." Violet anatulutsa chigubu chija. Chinali chitafufuma mbali zonse ngati mimba ya mwana wokhuta. Atapotokola chitsekero chinalira kuti tsii. "Mwamva? Umenewo ndi mpweya wa pabwalo panu, wothinana. Mpweya umalemera. Kumudzi kuja uli wambiri pamwamba pathu, wosanjikizana mpaka kumitambo, ndipo umapsinja chilichonse, ngakhale madzi a mumphika. Kuti madzi awire ayenera kutentha kwambiri, apeze mphamvu yokankha mpweyawo. Tikamakwera, mpweya wina tikuusiya m'munsi mwathu. Wotsala pamwamba ndi wochepa, supsinja kwambiri, ndiye madzi amayamba kudumpha asanatenthe mokwanira. Ndi chifukwa chakenso ine ndikubanika chonchi, ndi chifukwa chake kuno kukuzizira."

Zelifa anayang'ana chigubu chija. Kenako anaimirira n'kuloza ketulo ndi chala.

"Ndiye madziwa ankandinamiza! Ankavina mumphika ngati akugwira ntchito, chonsecho ndi aulesi! Mthunzi unakwana, koma kutentha sikunakwane!"

"Basitu, mwamaliza silabasi yonse."

"Ndipo ine ndinaifinya nyemba ija, inandiuza zoona, ine n'kukhulupirira madzi." Apa mawu ake anatsika. Anali wokondwa kuti si mfiti, komanso anaona poyera kuti kulakwa kwake kunalipo ndithu, ndipo sanafune kukubisa.

Violet anamuuzanso chinthu china chimene chinamusangalatsa kuposa zonse. Anati kamzere kakatsika ndi nambala imodzi, ndiye kuti munthu wakwera mamita pafupifupi mazana atatu. Anati akale ena oyeza malo ankadziwa kutalika kwa mapiri mwa njira yomweyi, ndi madzi owira, ngakhale kuti nyengo ya tsikulo imasokonezako pang'ono. Zelifa anafunsa kawiri ngati wamva bwino. Ketulo yakeyi, yopindika mlomoyi, ingayeze phiri la Mulanje? Njira yotsalayo anaimaliza akuwerenga ndi zala, milomo ikuyenda.

Anafika kumsasa dzuwa litapendeka pang'ono. Masowo ochekera matabwa analeka kulira mmodzimmodzi. Amuna aja ataona dengu ndi mphika womwe uja, Dickson anabwerera cham'mbuyo mpaka anagunda mulu wa matabwa. Goodman anatuluka m'dzenje lochekera ali mbuu ndi utuchi, anayang'ana mkazi wake, n'kuyang'ana pansi. Howard ndiye analankhula, nthabwala zili pakamwa koma maso osaseka.

"Mayi Makina, mwabwera kudzamaliza Mngoni wotsala uja?"

"Ndabwera kudzakuuzani pamene mwaima, a kapitawo. Muli ndi mapu a malo ano?"

"Ndili nawo, a chilolezo chathu."

"Musawatulutse kaye. Akhale m'thumba momwemo."

Anasonkha moto pamafuwa omwe aja, anatereka ketulo, anamasula nsungwi kumsana. Amuna anayandikira pang'onopang'ono, chidwi chitaposa mantha. Madzi atawira anaviika kagalasi yekha n'kuitana Howard kuti awerenge ndi maso ake.

"Pakati pa 93 ndi 94," anatero Howard. "Ndiye kuti chiyani?"

"Kunyanja yamchere ndi 100. Apa zaperewera zisanu ndi imodzi ndi theka. Iliyonse ndi mamita mazana atatu." Anatseka maso, zala zikugwira ntchito. "Muli pa mamita 1,950. Mwina kuposerapo pang'ono, poti nyengo imaba. Tsopano tulutsani mapu anuwo."

Howard anatulutsa pepala lothimbirira, lopindidwa kambirimbiri, analiyala pathabwa, natsata ndi chala mizere yokhotakhota mpaka pamene anaika kamtanda ka msasa wawo. Anawerama kwambiri. Anadzuka, anayang'ana ketulo, anaweramanso.

"Mzere wa 2,000 ukudutsa apa, pamwamba pathu pang'ono," anatero mwapansipansi. Kenako anakuwa, "Anyamata, mayiwa ayeza phiri ndi tiyi!"

Kunali phokoso! Aliyense ankafuna kuona kagalasi, aliyense ankafuna kugwira ketulo. Violet anafotokoza za mpweya kawiri, kachitatu anamulanda mawu ndi Zelifa, amene anafotokoza bwino kuposa mphunzitsi chifukwa ankatchula nyemba zawo zomwe zija zosapsa. Dickson anadandaula kuti zaka zonsezi wakhala akusiyira eni phiri fodya pamwala kuti nyemba zipse, fodya wake wapita pachabe. Koma phokoso litatsika Howard anapinda mapu ake n'kunena chilungamo.

"Nambala ndaziona, mayi, ndipo ndagonja. Koma nambala sadya. Chimene chinandigoneka pamachira ndi mphika uwo."

"N'chifukwa chake ndaunyamula. Mawa madzulo mudya, kapena mukana pamaso panga."

Anatereka nthawi yomweyo. Ulendo uno sanayang'ane mthunzi. Anamata chivundikiro ndi nsanza yonyowa n'kutsindikirapo mwala waukulu kuti nthunzi isathawe mwachisawawa. Anakhetsa madzi kasanu ndi kawiri m'malo mwa kanayi. Anaphika madzulo onse a Loweruka, anayambiranso Lamulungu kusanatenthe, ndipo nthawi ndi nthawi ankatola nyemba za pansi, za pakati ndi za pamwamba n'kuzifinya imodziimodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzuwa la Lamulungu litapendeka, madzi okhetsa anatuluka oyera, ndipo nyemba inasungunuka pakati pa zala zake popanda kotsalira.

Anapakula mbale zisanu ndi zitatu n'kuziika pathabwa. Palibe amene anasuntha. Violet anatambasula dzanja, koma Zelifa anamuletsa.

"Ayi, aphunzitsi. Inu mukadya ati mwapangana nane. Ine ndikadya ati ndamweratu mankhwala. Adye amene anadwala."

Mphepo yokha ndi imene inkamveka m'mikungudza. Zelifa ankadziwa kuti mbalezi zikabwerera zodzaza, atsika phirili ali wotunga madzi mpaka imfa. Howard anavula chipewa, anakanda m'mutu, anayang'ana anyamata ake.

"Mukauze a kwathu kuti ndinafa ngati mwamuna," anatero, n'kutenga mbale.

Anatafuna pang'onopang'ono, maso ali kumwamba. Anatapanso. Kachitatu anatapa modzaza dzanja, ndipo Dickson ataona kuti kapitawo wayamba kusuzumira mbale ya mnzake, analumpha kukateteza yake. Goodman anatenga yake pomaliza, nakadyera kumbali. Atatha kudya onse anakhala pansi mondondozana kudikira misala. Ankayang'anana ngati anthu a pamzere wa jakisoni. Wina akayasamula, onse ankatembenuka. Linatha ola, anatha awiri. Kenako Dickson anaimirira mwadzidzidzi, nayenda molunjika chitsa chija, anthu mitima ili m'mwamba, ndipo atafika anachimenya kachidendene n'kunena kuti, "Iwe si bwana wanga!" Msasa wonse unagwa nacho chiseko, Howard mpaka anagubuduka pautuchi, ndipo Zelifa anavula mpango kumutu n'kuvina mozungulira mafuwa, akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Mbiri inatsika phiri msanga kuposa eni ake, poti onyamula matabwa sasunga nkhani. Howard anaima yekha pamsika tsiku lotsatira la msika n'kudya mbale ziwiri za kalongonda wa Zelifa anthu akuona. Si onse amene anamvetsa za mpweya, ndipo ena mpaka lero amati mphunzitsi uja anabwera ndi kagalasi kochotsa matsoka. Zelifa ankakangana nawo mpaka mawu kusasa. Pamaliro otsatira Felista anamupatsa chipande cha mphika waukulu osanena kanthu, ngati panalibe chimene chinachitika, ndipo Zelifa analandira ngakhale pakamwa pankamuyabwa. Violet ankamuitana chaka chilichonse kudzalankhula kwa ana a Fomu 3, ndipo ankapita atavala chitenje chatsopano, ketulo m'manja. Mlendo aliyense wochokera kutali, kaya ku Dedza kaya ku Chikwawa, asanamalize kulonjera ankafunsidwa kuti kwanuko madzi amawira pa zingati.

Koma chimene Zelifa sankasimba pamsika chinachitika Lamulungu lomwe lija, chiseko chitatha. Anatenga mphika kupita nawo kukamtsinje ka kuseri kwa msasa kukatsuka. Ali chiweramire anamva mapazi kumbuyo, ndipo anawadziwa osatembenuka.

"Mayi a Aliness."

"Ndikumva."

Goodman anapotokola chipewa m'manja.

"Chaka chonsechi, kalongonda amene munkandipakulira kunyumba uja, ine sindinkadya."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa?"

"Nkhumba za mudzi wonse zikudya gaga yemweyo. Yathu yokha inanenepa ndi chiyani?" Anapitiriza kukwecha. "Ndinkakuonani pa kabowo ka kukhitchini, bambo a Aliness. Ulendo uliwonse mukatsika, ndinkapakula, inu n'kuzungulira kukhola. Ndinkapakulabe, ndimati mwina lero."

"Ndinkaopa," anatero Goodman. "Ndinkati mwina anthu akunena zoona."

"A kumsika sanandilize kwenikweni ine, ngakhale Felista. Amene munandiliza ndinu."

Goodman sanayese kudzikometsera. Anaika chipewa pamwala, anapinda buluku, anagwada m'madzi ozizira aja pafupi ndi mkazi wake, natapa mchenga m'dzanja. Zelifa anamuyang'ana kanthawi, kenako anamukankhira mphika. Unali ndi mwaye wa masiku awiri, ndipo anamusiya akweche yekha mpaka unayera.